Uthenga Umene Apongozi Analandira Lolemba

Chintheche,
14 Meyi

Wokondedwa mlongo wanga Wongani,

Uli bwanji ku Lilongweko? Nanga mlamu wanga ndi ana? Kuno tilipo, ngakhale kuti nyumba yakula chiwaikire alamu ako a Dickson.

Lolemba ndinabwerera ku ofesi ya loji n'kuyatsanso pulogalamu ya pakompyuta ya Python ija unawalembera a Dickson pa Khirisimasi, yotumiza mauthenga kwa antchito ndi otibweretsera zakudya. Pasanathe mphindi khumi, apongozi anaimba foni ali ku Kande, akulira. Paja ndi iwo amatibweretsera masamba. Anati alandira uthenga woti kukufunika tomato ndi mpiru, ndipo kumapeto kwake kwalembedwa kuti "Ndine Dickson." Mwana wawo amene anamuika milungu itatu yapitayo!

Dzinalo ndinali nditalisintha mu pulogalamumo, koma pamalo amodzi, poganiza kuti basi zatha. Nditaiwerenga bwino fayilo ya pulogalamuyo ndinagwira pakamwa. Mizere imodzimodzi unaikopera kakhumi ndi kanayi, Wongani! Ya ophika, ya alonda, ya ochapa, ya a boti. Pena unalemba Dickson, pena D. Mhone, pena bwana Dick, moti kusaka dzina limodzi sikuthandiza. Unkathamangira chiyani?

Buku la Python unasiya lija ndaliwerenga. Akuti ntchito yobwerezabwereza uilembe kamodzi mu fankishoni: uyambe ndi def, uipatse dzina, uiuze zoti izilandira, kenako uzingoiitana paliponse pamene ikufunika. Ukanatero, bwenzi ndakonza mzere umodzi ndipo apongozi sakanalira.

Ndinayesa ndekha. Ndinalemba fankishoni yopereka dzina la wotumiza, koma ndinaika print pamene pamafunika return. Dzina linkaoneka pa kompyuta yanga yokha, osalowa mu uthenga. Lachitatu alonda onse analandira wotha ndi "Ndine None," mawu amene Python imaika ikasowa choika, ndipo mmodzi wa iwo, a Weston, anabwera pa windo kudzafunsa ngati bwana watsopanoyo ali wa kuno kapena wa kumwera. Ndinaseka, kenako ndinakhoma chitseko n'kulira.

Tsopano fankishoniyo ikugwira, ndipo ndikuiitana pa malo khumi ndi awiri. Uthenga wa a boti wandikanika, unaulemba mwa mtundu wina. Loweruka masana undiimbire tiukonze limodzi, ndipo usandiuze za misonkhano. Lolemba likudzali boti likatenga alendo, sindikufuna munthu wina alandirenso zimene analandira apongozi.

Upereke moni kwa onse, makamaka mwana wako Mwayi. Mulungu akusungeni.

Chimodzi chokha ndikupempha: malo a khumi ndi anayi usakhudze. Ndi uthenga wobwera pa nambala yanga m'mawa uliwonse, wondiuza zipinda zimene zili ndi alendo. Ndausiya dala. Umenewo ukubwerabe ndi dzina la alamu ako.

Ndine mlongo wako,
Stella