Chotupa cha pamkono wa Fanuwelo

Amayi, mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Chilomoni tilipo. Kamunda kanu kakuseri kanabereka bwino, ndipo mapeyala achuluka mpaka tikugawira aneba. Chiyambire matipate, mavenda adzaza mpaka pageti la tchalitchi. Koma nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya mwana wanu Fanuwelo.

Chaka chatha anatuluka kachotupa pamkono wamanja, m'mnofu mwenimweni, kolimba ngati mtedza. Sananene. Ankavala malaya a manja aatali kushedi kwake ku Ndirande ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndinakaona tsiku lina ataiwala n'kupinda malayawo kuti asambe m'manja. Ndinakumbuka chotupa chanu cha m'bere chija, chimene munatibisira mpaka chinaphulika n'kukutengerani kumanda. Fanuwelo nayenso maganizo anali omwewo, a imfa, moti anali atayamba kale kugawira anzake macheka ndi nyundo zake. Kuchipatala ankakana, ati wina mu minibasi anamuuza kuti kumeneko akangoona chotupa amadula mkono. Nanga kalipentala wopanda mkono angadye chiyani?

Apo n'kuti ine ndili ndi pakati. Kusikelo ananditumiza kuchipatala chachikulu, kumakina ounikira m'mimba amene amati sikani. Dokotala wake anali mayi wamfupi, wosachulutsa mawu, wa manja ofatsa. Anandipaka mafuta ozizira, n'kuyendetsa kachipangizo pamimba, ndipo pakagalasi konga ka TV ndinaona mtima wa mwana wanga ukugunda. Ndinalimba mtima n'kufunsa ngati makinawo angaonenso mkati mwa mkono wa mchimwene wanga. Anangoti ndibwere naye.

Koma kuti Fanuwelo avomere! Ati amenewo ndi makina a azimayi apakati, anzake akamva adzayenda bwanji mu Ndirande? Ndinakumbuka mawu anu aja: "Fanuwelo samva zonyengerera, uzingomugwira dzanja n'kumapita." Ndinachita zomwezo. Anakhala pabenchi pakati pa azimayi amimba, ndi ndevu zake zija, maso ali pansi, mayi wina n'kumufunsa kuti yake ndi ya miyezi ingati. Benchi lonse linafa nalo phwete.

Adokotala sanaseke. Anaunika mkonowo modekha, uku ndi uku, osathamangira kuyankhula, ngakhale panja panali mzere wautali. Kenako anatilozera kathumba kakuda kozungulira, mkati mwake muli kadontho koyera mbee. Anati kathumbako ndi kamadzi, ndipo kadonthoko ndi mutu wa kamwana ka nyongolotsi yaitali ija yochokera ku nyama ya nkhumba. Si khansa. Fanuwelo, mukumudziwa, anatsutsa kuti iye nkhumba sadya. Anamufotokozera mosakwiya kuti mazira ake amalowa ndi madzi, kapena chakudya chogwiridwa ndi manja osasamba a munthu amene ali nayo m'mimba. Anamufunsanso ngati amadwala mutu kapena kugwa khunyu, poti timatumbati timafika ndi kuubongo komwe. Mwamwayi analibe zimenezo. Anamulembera mapiritsi, osakhudza mpeni. Mayi ameneyu ndimamupatsa ulemu, Amayi. Mukanamukonda.

Chotupa chinaphwa pang'onopang'ono. Fanuwelo anazungulira kwa anzake kukalanda zipangizo zake, ena mpaka kunyinyirika. Mwana anabadwa wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Elube. Pamene ndikulemba pano wagona m'kabedi ka mlombwa kamene amalume ake anapala ndi mkono womwe uja.

Ndikamuyang'ana ndimasangalala, koma ndimakukwiyiraninso pang'ono. Inu munkadziwa kutigwira dzanja tonsefe. Bwanji simunalole kuti ifenso tikugwireni lanu chotupa chikadali chaching'ono?

Ndikulonjeza kuti pakhomo panu pano palibenso amene adzabise chotupa m'malaya. Wokana ndidzamugwira dzanja n'kumapita.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati