Mvunguti, mazira ndi bondo la amalume

Lolemba, 3 Febuluwale

Lero ndawamwetsa amalume a Jafeti digiri yanga.

Afika masana kuchokera ku Likangala, njinga akuchita kukankha, bondo lakumanja litatupa ngati papaya. Akuti ndi kuwokera mpunga m'matope. Amayi akuti, "Tamanda, tiyi wa amalume ako." Ine changu, kukhitchini kuli mdima wa mvula, ndatapa m'chitini cha masamba a tiyi. Ndinaiwala kuti m'menemo ndinasungamo ufa wa khungwa la mvunguti, womwe ndakhala ndikuyanika pamthunzi chiyambire Khirisimasi. Ndathira ndi shuga yemwe, ndapereka nditagwada bwinobwino.

Amwa kamodzi, nkhope yakwinyika. Amwanso. Kenako kwa amayi: "Mvunguti uwu. Mlongo, mwana wakoyu sukulu sinamuwononge. Wangoona bondo, osafunsa n'komwe."

Ndikanatani? Ndangoti, "Ee, amalume."

Akuti akhala mpaka bondo liphwe. Chipinda changa chapita. Ine pamphasa kwa amayi.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ufa umenewu ndiye kafukufuku wanga yense. Lachisanu andipatsa malo mu labu ku koleji ku Zomba, tsiku limodzi basi, kuti ndiyeze ngati mvunguti umachepetsadi kutupa monga anthu a kuno amanenera. Ndikaphonya, n'chaka chamawa, ndipo ana a Fomu 3 amene ndimawaphunzitsa apitiriza kunditcha "madamu a digiri ikubwera". Kukasenda khungwa lina n'kosatheka. Eni mtengo anandilola mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo yokha, mwa mwambo wake, kuti mtengo usaume. Komanso m'mvula muno khungwa siliuma, limangochita nkhungu.

Amalume chitini achiika kumutu kwa bedi. M'mawa kuwiritsa n'kumwa, madzulo kuthowa bondo. Potapa amagwiritsa supuni yaikulu ija yopakulira ndiwo.

Ndawanong'oneza amayi. Iwo: "Mwinimbumba sam'mana mankhwala. Ukawamana, ukwati wako adzauimira ndani?"

Ukwati wake uti, mwamunayo sanaoneke n'komwe.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Chitini chafika pakati. Sindinadye bwino.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Ndaba zanga zomwe. Amalume atapita kukasamba ndalowa m'chipinda changa chonyang'ama, ndatapa ufa kudzaza kabotolo kotsuka ka vasilini. Ndi wochepa koma ukwana, bola ndisataye ngakhale dontho.

Potuluka ndagunda jekete lawo pamsomali, n'kugwa kapepala ka mapilitsi a bulufeni, theka atamwa kale. Bondo lomwe akulionetsa mudzi wonse kuti "taonani mphamvu za makolo" likudya kuwiri ngati mwamuna wa mitala. Kapepalako ndakabwezera m'thumba. Kali ndi tsiku lake.

Madzulo ufa ndaugawa pawiri: wina ndanyika m'madzi ozizira, wina ndawiritsa monga amachitira iwo. Mazira a nkhuku ya amayi ndakulunga m'chitenje. Amayi akuti ngati ndi kamba wa paulendo bwanji osawaphika.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ndilembe ndisanagone.

Msewu matope okhaokha. Wa kabaza anaterereka kawiri, ine mabotolo nditawakumbatira pachifuwa ngati mapasa. Ndinafika mu labu siketi ili yofiira mpaka m'mawondo. Fatuma, amene amayang'anira makina, anandiyang'ana kuchokera kumapazi nati, "Achemwali, mwabwera kudzayeza kapena kudzawokera?"

Kayezedwe kake ukamafotokozera munthu amakuseka. Madzi oyera a dzira ukawatenthetsa amachita mbuu. Mankhwala ochepetsa kutupa amawaletsa kutero. Ndiye chubu china dzira lokha, china dzira ndi bulufeni, ena dzira ndi mvunguti wanga, onse m'madzi otentha, kenako m'makina oyeza kuwala kodutsamo.

Fatuma: "Zaka zonsezi ku koleji, kudzathera kuphika mazira."

Ine: "Phikani bwino, mudzadya mpunga tsiku lovala gauni."

Tinatulutsa. Dzira lokha, mbuu ngati thobwa. La bulufeni, mbee. Mvunguti wowiritsa unayesetsa, koma unathera panjira. Wonyika uja ndinachita kuukweza pawindo, kuopa kuti maso akundinamiza. Mbee, kutsala pang'ono kufanana ndi bulufeni.

Fatuma nthabwala zinamuthera. Anati, "Tibwereze." Tinabwereza, kenako tinabwerezanso, mpaka botolo linatsala lonyowa chabe. Makina osasintha mawu. Anavula magolovesi nati, "Tamanda, gauni kayezetse."

Ndikudziwa, dzira si bondo. Patsogolo pali mtunda: mlingo wake, kuopsa kwake, zonsezo. Koma funso langa layankhidwa, ndipo walifunsa ndine, ndi khungwa lomwe ndinasenda ndekha. Ndinapita kuseri kwa labu kukavina pang'ono. Alonda anandiona, anangotembenuzira mpando kwina.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndawafotokozera pakhonde, amayi akupeta mpunga.

Amalume: "Ndiye unachita kupita ku Zomba kukafunsa dzira, bondo lili pompano?"

Ine: "Bondo lanu, amalume, ndi mboni yabwino, koma lili ndi maloya awiri."

"Ukutanthauzanji iwe?"

"M'thumba la jekete, lakumanzere."

Amayi anasiya kupeta, chitenje kukamwa, mapewa akugwedezeka. Amalume anakhosomola, anayang'ana nkhuku, nati, "Aja ndi operekeza chabe."

Ndawauzanso kuti kuwiritsa kwawo kukuoneka kuti kumachepetsa mphamvu, wonyika ndiye unapambana. Akana. Madzulo ndapeza atanyika ufa wotsalawo m'kapu, atavundikira ndi mbale kuti ndisaone.

Tsoka lake, akuti tsopano sangachoke msanga. Ntchito yaikulu chonchi imafuna munthu wamkulu pafupi.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Potuluka m'tchalitchi ndawamva akuuza abusa za "kafukufuku wathu". Ine akuti ndimawathandiza mbali ya mazira.

Msana wanga ndi mphasa sizikugwirizana.

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndawapeza akusisita pamimba. Bulufeni wa m'mamawa, m'mimba mulibe kanthu. Apa sindinaseke. Ndati, "Amalume, popeza ndinu mkulu wa kafukufuku, bondoli lionedwe mwadongosolo. Ndalankhula ndi adokotala a kuchipatala chathu chaching'ono, akuti tipite mawa. Mapilitsi musiye kaye. Akapeza madzi m'bondomo, mwina apopa ndi jakisoni."

"Jakisoni wake wotalika bwanji?"

Ndinali ndi bolopeni m'manja. Ndinangoiyang'ana, kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Nawonso anaiyang'ana.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndadzuka njinga ili kale pabwalo, matayala atapopa. Akuti mbande za mpunga zikukula mopitirira ku nazale, ndiponso adokotala a kwawo ndi amene amalidziwa bwino bondolo. Ndawaimbira foni akazi awo iwo ali pomwepo. Mayiwo akuti, "Angofika, ndiwakokera kuchipatalako ndekha, asanavule nsapato." Amalume anamva. Anangoti, "Akazi mwagwirizana."

Sanathokoze. Amayi akuti ndi bwino choncho, mankhwala sathokoza.

Takawaperekeza mpaka pamsewu. Ndimayembekeza kuti akankha monga anabwerera, koma aponya mwendo, akwera, miyendo yonse iwiri ikupalasa. Atafika pa kamlatho aima, phazi limodzi pansi.

"Tamanda, m'buku lakolo ulembemo kuti bondo linali langa."

"Ndilemba ndi operekeza omwe, amalume."

Apukusa mutu, apalasa, mpaka akhota kuseri kwa chimanga.

Amayi atulutsa matiresi padzuwa. Ine ndasesa m'chipinda, ndakokera tebulo pawindo, ndayamba mutu wa zotsatira.