Mtanda Wanu Uli Kuseri kwa Chitseko

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno tadzuka, poti kudzuka sikufunsa ngati munthu wagona bwino. Dzuwa la Okutobala latiwamba, phiri la Chongoni silikuoneka ndi utsi, ndipo m'zitsime za kudimba mwatsala matope okha. Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa n'zochepa, sizitichedwetsa. Mdzukulu wanu Tereza, mwana wa alongo anga a Rozina, adachira bwinobwino kuchipatala cha ku Kasina, kudabadwa mwana wamkazi. Amupatsa dzina lanu lonse, Skolasitika, moti mutamuona kuchepa kwake mungamve chisoni kuti kamunthu kotere kasenza dzina lalitali chonchi. Mpichesi wanu wa kuseri kwa khitchini wabereka mpaka tauchirikiza ndi mphanda. Mbatatesi ndiye idatiliza. Chiwawu chidalowa m'munda masamba akadali anthete, ndipo timene tidakumba tidali tating'ono ngati mazira a nkhunda, ogula a pamsewu ku Chimbiya ankangotiyang'ana n'kudutsa.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholembera. Mtanda uja ndamaliza, wachitsulo, monga ndidakulonjezani. Koma musafulumire kundiyamika, chifukwa suli pamutu panu. Uli kuno kunyumba, kuseri kwa chitseko, ndipo ndikuuzani mmene zidayendera osabisa kanthu.

Mukukumbukira mmene tidatayira abambo. Mtanda wawo wathabwa udadyedwa ndi chiswe, mvula n'kusalaza mitumbira, ndipo tsiku lolambula manda litafika palibe adadziwa kuti ali pati. Kumanda kuno sitipitako ngati kumsika. Munthu akaoneka yekha kumeneko, mawa lake mudzi wonse ukumutcha mfiti. Timalowako pamaliro, ndi kamodzi pachaka kukalambula kuti ansembe adzadalitse mu Novembala. Chaka ndi chaka ndinkakuonani mutaima pakati pa mitumbira iwiri, maluwa ali m'manja, mukuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kuwaika pansi pakatikati pomwepo. Mutadwala mudandigwira dzanja n'kunena kuti, "Sitefano, ine usadzandiimire pakati. Ndikufuna chitsulo, chiswe chidzathyokepo mano." Ndidavomera msanga, ngati mmene amavomerera munthu amene akuganiza kuti tsikulo lili kutali.

Chuma chimene mudatisiyira ndi nkhumba ija. Chigodola chitamveka m'midzi ya kufupi, ndidaigulitsa chisanatifike. Ndalama zake zidali zokwanira chinthu chimodzi mwa ziwiri: kugula mtanda wopangapanga kwa owotcherera a ku Chimbiya, kapena kugula makina owotcherera otsika mtengo n'kuupanga ndekha. A Rozina pafoni kuchokera ku Lilongwe sadazungulire. Adati, "Achimwene, gulani mtanda, tikapemphe kwa amfumu tikauzike mwezi uno. Mapanga awiri avumbwitsa." Ine ndidaona patali, kapena ndinene kuti ndinkaganiza kuti ndikuona patali. M'mudzi muno magetsi adafika, koma khasu likathyoka, ngolo ikaguluka, keriyala ya njinga ikaduka, aliyense amayenda mpaka ku Chimbiya. Ndidati ndikakhala ndi makina anga, mtanda wa amayi ukhala ntchito yoyamba, kenako mbaula, mafelemu a mawindo, ndipo ana adya ngakhale mbatatesi itakana. Masiku amene ndinkadikira ogula pamsewu ndinkaonerera owotcherera aja, ndipo ntchitoyo inkaoneka ngati kusoka chabe.

Ndidayenda kufunafuna. Makina okhala ndi injini yakeyake, osadalira magetsi, ndidangowapatsa moni n'kupitirira, chifukwa mtengo wake ndi wa ng'ombe zapagoli. Ku boma, m'sitolo ina, adandionetsa kena kofiira, kakang'ono ngati wailesi yanu ija, ka lamba wopachika paphewa. Mayi wogulitsa adati, "Bambo, ngati kwanu magetsi amafika ofooka, tengani aka. Sikadya zambiri, ndipo kwa munthu wongoyamba kumene sikavuta kuyatsa." Ndidakanyamula ndi chala chimodzi, mtima n'kukana pomwepo. Ndidati ichi ndi chikomekome cha mkuyu, komanso kakadzapsa ndani kwathu kuno angakatsegule n'kukakonza?

Amene adandikaniza ndinu, Amayi, ngakhale simudalipo. Sindikunena mokudandaulani. Ndi inu mudandiphunzitsa kugula. Khasu munkaliyesa m'manja, mphika munkaunyamula kaye musanafunse mtengo, ngakhale kabichi munkaipima ngati mwana wakhanda. Munkati, "Chopepuka ndi mankhusu, mwanawe. Chimanga chimatsala m'lichero." Ndiye nditafika ku Chimbiya kwa a Gama, bambo amene amapanga makina okha pokulunga mawaya ndi manja n'kuwaika m'bokosi lathabwa, ndidayesa kukweza amodzi, msana n'kulira. Ndidamwetulira ndekha. Ndidati ichi ndiye chimanga.

A Gama sadandinamize, ndisawachimwire. Adayatsa makinawo ine ndikuona, adalumikiza zitsulo ziwiri, n'kuzimenya ndi hamala, osaguluka. Adandiuza kuti akadzapsa adzawakulunganso okha. Mtengo wake udali wotsikirapo kuposa kofiira kaja, moti zotsala ndidagulira marodi, timitengo tachitsulo timene timasungunuka powotcherera, ndi kagalasi kakuda kamene ndidakamatirira pa katoni, poti chigoba chenicheni cha kumaso sindikadachikwanitsa. Chimene sindidachione n'chakuti shedi ya a Gama ili pansi penipeni pa thiransifoma. Iwo sadandifunse kumene ndimakhala, inenso sindidafunse ngati zili ndi kanthu. Ndidabwereka ngolo, makina adafika kunyumba ngati mtengwa, ndipo mpongozi wanu Nabanda adasesa pakhonde kuti akhale pabwino.

Zitsulo sindidagule. Ndidadula bedi lanu, lija la masipuling'i limene mudalandira kwa masisitere mutasiya ntchito yochapa. Ndidati palibe chitsulo china chimene chimakudziwani kuposa chimenechi. Sowo itayamba kulowa pa mwendo wa kumutu, pamene munkakoleka korona, ndidasiya kaye n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Ndidalira, Amayi, kuposa mmene ndidalirira pamaliro, pamene anthu adali ambiri ndipo ndinkayenera kuoneka mwamuna.

Tsiku loyamba kuyatsa, makina adabuula ngati ng'ombe yodwala. Babu la pabalaza lidafiira ngati khala, rodi idamata pachitsulo osafuna kuchoka, kenako mita idadula magetsi. Ndidayatsanso, chimodzimodzi. Posakhalitsa a Phiri a kuseri kwathu adabwera akupuma mwamphamvu kuti furiji yawo ya mafilizesi ikulira zachilendo, ndipo ikapsa tikaonana kubwalo. Apa m'pamene ndidamvetsa. Ife tili kumchira kwa waya. Magetsi ali ngati madzi a m'ngalande ya kudimba, a kumtunda amathirira, a kumapeto amalandira matope. Makina anga amafuna mtsinje wonse. Kofiira kaja, kamankhusu kaja, kakadakhuta ndi zochepa zimene timalandirazo.

Munthu wanzeru akadaima pomwepo. Ine mukundidziwa. Miyezi idapita ndikulimbana nawo, ndikusintha mawaya, ndikudikira nthawi imene chigayo chazima, ndikupepesa a Phiri. A Rozina akaimba ndinkati zatsala pang'ono. Vuto la rodi yomata n'lakuti m'kagalasi kakuda suona kanthu mpaka moto utayaka, ndiye ndidazolowera kusuzumira m'mbali kuti ndione pamene yagwira. Tsiku lina magetsi adabwera amphamvu pang'ono, ndipo moto udandithwanimira m'maso kangapo, ine n'kumakondwa kuti lero zikuyenda. M'mawa mwake ndidadzuka ngati wina wandithira mchenga wosakaniza ndi tsabola. Zikope zidatupa, misozi ikungotsika, kuwala kwa pawindo kukundibaya. Nabanda adadula mbatatesi mopyapyala n'kundiika m'maso, monga amachitira owotcherera, ndipo adati, "Onani, imene idakana kugulika ija yapeza ntchito." Kuchipatala adandipatsa mankhwala opaka, n'kundikalipira monga mukadachitira inu.

Ndili chigonere m'chipinda chotseka, nsanza ili kumaso, ndidamva fungo la utsi ndi anthu akukuwa cha kumunsi. Osaka mbewa adayatsa tchire m'tsinde mwa phiri, mphepo n'kutembenuka. Moto udalowa kumanda, udzu uli wofika m'chiuno chifukwa tsiku lolambula lidali lisanakwane. Amuna adathamanga ndi nthambi, koma adangouzimira m'mphepete. Ine sindikadatha kupeza ngakhale chitseko cha nyumba yanga. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Maso atatseguka, ndidabwerekanso ngolo n'kubweza makina ku Chimbiya. A Gama adandilola kuwalumikiza m'shedi mwawo, ndipo kumeneko adayenda ngati palibe chimene adandichita. Ndidapanga mtanda wanu. Mowotcherera mwake simokongola, muli timibulu ngati zitosi za nkhuku, koma a Gama adaumenya ndi hamala ndipo sudagwedezeke. Zilembo ndidapinda kuchokera ku masipuling'i a bedi lomwelo. Apa ndiye ndidakudandaulani pang'ono, kuti agogo akadakutchani Ana bwenzi nditamaliza tsiku limodzi. Chilembo cha S chidandithera marodi, ndipo m'dzina lanu chilimo kawiri. Makinawo atsala komweko, chifukwa kunyumba kuno ndi mpando chabe. Ndimayenda wapansi kukagwira timaganyu ta makasu, ndipo za shedi yanga pakhonde ndasiya kuzikamba.

Loweruka lapitali lidali tsiku lolambula. A Rozina adabwera, ndipo ndidasenza mtanda paphewa, anthu akuugwiragwira m'njira n'kumawerenga dzina lanu mokweza. Titalowa, ndidaima. Kudali bii, phulusa lokhalokha. Padalibe cholambula. Mitanda yathabwa yonse idapita, pamodzi ndi wanu umene tidazika pamaliro.

Mukudziwa kuti inu ndi a Nachisale mudatsatizana sabata imodzi, mu chisanu cha Juni uja, ndipo adakugonekani moyandikana, wina kumtunda wina kumunsi. Mvula ya zaka ziwiri yasalaza mitumbira yonse iwiri mofanana. Chaka chatha tidabwera, inde, koma tidangowerenga dzina n'kugwada. Munthu ukakhala ndi dzina loti uwerenge suloweza malo. A Rozina akuti muli kumtunda, chifukwa akukumbukira kuti ankaterereka poponya dothi. Ine ndikuti kumunsi, chifukwa ndikukumbukira mthunzi wa msuku, koma msukuwo chatsala ndi chitsa, ndipo chili pakati. Adzukulu amene adakumba tidawafunsa, wina adaloza uku, wina uko, ndipo wamkulu wawo amene sankaiwala manda tidamuika chaka chatha. Ndidathamangira kwa mwana wa a Nachisale. Adandiyang'ana n'kunena kuti, "Ife timadziwa kuti amayi athu ali pambali pa amayi anu. Timadalira inu."

A Rozina sadandikalipire, ndipo bola akadatero. Adangoti, "Wa ku Chimbiya uja bwenzi utazikidwa mu Meyi," kenako adakonza nsalu yawo n'kutuluka. Pokwera minibasi sadanditsanzike.

Ndidaganiza zongosankha. Palibe akadanditsutsa, ndipo pakapita zaka bodza likadasanduka zoona. Koma ndikalakwitsa, dzina lanu lidzakhala pamutu pa a Nachisale, amene mudakangana nawo moyo wanu wonse za malire a kudimba, amene munkati amasuntha mzere wa nzimbe chaka chilichonse ngati nzimbe zili ndi miyendo. Inu n'kukhala pambali opanda dzina, iwo atatenga ndi mtanda womwe. Zambiri mudandikhululukira, koma izi ndikudziwa kuti ayi. Ndiye ndidausenzanso kubwerera nawo kunyumba.

Ndili ndi manyazi, Amayi, ndipo ndili ndi mantha. Mudandipempha chinthu chimodzi chokha. Ansembe akubwera kudzadalitsa manda sabata yamawa, ndipo ine ndidzaima pamene munkaima inu, pakati pa mitumbira iwiri, ndikuyang'ana uku ndi uku. Mtanda ndidzauimika pomwepo, pafupi ndi chitsa cha msuku, koma ndidzangoutsindira ndi dothi ndi miyala. Simenti sindithira. Ndaisunga m'ndowa, ndaimanga bwino ndi pulasitiki kuti chinyezi chisaigwire.

Chichokereni simunabwerepo kwa ine kutulo. Kwa a Rozina mudapitako kukafunsa za nsalu yanu ya kwaya, kwa Nabanda mudabwera kudzadandaula za nkhuku zolowa m'khitchini, koma ine mumandilambalala. Mwina mudakwiya za nkhumba, mwina za bedi. Bwerani mudzandikalipire, ndidzamvera ndili chete. Ngati mulibe nthawi, musanene zambiri. Mungoti kumtunda, kapena kumunsi.

Ndikulonjeza kuti tsiku limene mudzandiuze, m'mawa womwewo ndidzapita kwa amfumu kukapempha njira, ndidzazula mtanda pakati paja, ndidzauzika pamutu panu ndi simenti, ndipo chiswe chidzathyokapo mano monga mudanenera. Kufikira tsikulo ndizigona msanga. Mukawaona abambo, muwauze kuti tsopano ndamvetsa chimene chinkakuliritsani.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamaso ofiira,

Sitefano