Beseni Limene Munandisiyira

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi khanda? Chifuwa cha amayi chija chinatha? Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi, ndipo chifukwa chake ndinu.

Tsiku limene munkandisiyira ntchito yanu ino, munanditengera kuchipinda chochapira cha pamwamba. Munandionetsa beseni lobiriwira kuseri kwa makina ochapira, pansi pa paipi yolowetsa madzi. Munati paipiyo imadontha pang'ono, ndizingotaya madziwo m'mawa ngati mmene timachitira kwathu denga likamadontha. Munatinso adona ndisawauze, chifukwa wantchito wodandaula sakhalitsa. Ine ndinamvera, poti ndinu akulu anga.

Lachiwiri lapitali adona anandituma kumsika makina akuchapa. Pobwera ndinapeza madzi akutsetsereka pamasitepe ngati mtsinje. Paipi ija inali itaphulika. Siling'i ya pabalaza inafufuma, kenako inagwera pasofa. Mabuku a abwana ndikuwayanikabe mpaka lero, ena masamba anamatana osatsegukanso.

Pulambala atabwera anakoka makina n'kupeza beseni lanu. Analikweza m'mwamba akuseka, n'kufunsa ngati m'nyumba muno tikuweta abakha. Anaonetsa adona matabwa a pansi, ofewa ngati buledi wonyowa. Anati paipi ikangoyamba kudontha ndiye kuti yatsanzika, imafunika kusintha tsiku lomwelo, ndiponso mpopi wa pakhoma uzitsekedwa munthu akatha kuchapa. Inu munandiuzapo zimenezi? Ine sindinkadziwa n'komwe kuti mpopiwo umatsekedwa.

Adona anandifunsa kuti beseni anaika ndani. Mukundidziwa, anthu akandiyang'anitsitsa m'kamwa mumauma. Ndinangopitiriza kukolopa. Iwo anati mkulu wanga anali munthu wanzeru, sakanachita zauchitsiru zotere, ine ndiye ndabwera ndi nzeru zakumudzi. Akukuyamikani inu, achemwali, ine ndili chogwada kukolopa matope anu.

Tsopano makina akamachapa amandikhazika pampando pomwepo, ndiziwayang'anira ngati wodwala mpaka atasiya kuzungulira. Ana awo akundiitana kuti Mayi Beseni. Adonawo anenanso kuti mwezi uno ukatha ndione msana wa njira.

Ine sindinayambe ndakuyankhanipo mwano chibadwire, ngakhale muja munkandimenya tili ana. Koma izi zandiwawa. Munadziwa kuti chinthucho chawola, munachibisa, n'kundikhazika ine pamenepo kuti chidzaphulikire m'manja mwanga. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma inu munanditsina pakamwa.

Pempho langa ndi limodzi. Nambala ya adona muli nayo. Aimbireni, muwauze kuti beseni munaika ndinu, ndipo munandiletsa kunena ndinu. Inu sangakuchotseni ntchito, munachoka kale. Musanditumizire mawu akuti ndipirire. Ndapirira, siling'i yagwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi kwa azakhali. Khandalo mulipsompsone, lilibe mlandu. Amayi muwauze kuti ndikudya bwino, zinazi musawauze.

Mukapanda kuimba, amayiwo ndidzawauza ndekha nditaima pakhomo panu ndi chikwama changa, alamu akumva. Tsiku limenelo m'kamwa simudzauma.

Tsalani,
Ndine mng'ono wanu