Chigongono cha Anazulu

Amayi anga, kumeneko mukugona bwanji, mukudzuka bwanji? Msana uja unaleka kukuvutani? Kuno tilipo, ena mwamtendere, ena ayi, ndipo amene alibe mtenderewo ndawasowetsa ndine. Ndifikapo pa nkhaniyo. Ndiyambe ndi zabwino, paja munkadana ndi munthu wofika ndi nkhani yoipa asanakhale n'komwe pansi.

Alamu anga, akazi a achimwene Gerevazio, anachira mvula itangoyamba. Ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu, Agata. Amalira ngati wina wamubera, ndipo onse akuti watengera ine. Kumudzi ku Madzimoyo chimanga chachita bwino kumunda wakumtunda, nkhokwe yadzaza mpaka achimwene ayamba kuyenda modzikweza. Mtedza ndiwo wakanika, mvula inathawa usanakhwime, ukaswa khoko umangopezamo mphepo. Mbuzi yanu ya diso limodzi ija yabereka mapasa koma kuba sinaleke. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja, ndipo achimwene akuti akonza mawa, mawa lomwe lija ankakuuzani inu.

Ine ndidakali ku Kapata, kuno ku Chipata, ndipo ndili ndi ntchito imene simunaione, poti ndinaiyamba mutapita. Ndimajambula zithunzi. Ndinaphunzira pa situdiyo ya bambo wina wachisilamu pafupi ndi msika. Maso ayamba kumuvuta, ndiye kamera amandipatsa ine, iye n'kumakhala pakhomo akutsutsana ndi anzake za mpira. Ndimajambula ubatizo, maukwati, ana ovala yunifolomu yaikulu kuposa iwo, anyamata a njinga zonyamula anthu atatsamira galimoto ya eni ake. Amayi a tomato akandiona amakuwa, “Iwe Enelesi, tijambule, koma mimbayi uibise!” Chipata yense ndikumudziwa tsopano, mpaka kuseri kwa nyumba zake. Ndipo ndaona chinthu chimodzi: banja lililonse likafola kuti lijambulidwe, pamakhala mayi mmodzi amene palibe. Ali kuseri, akutsuka mbale. Ine sindidina kanthu mpaka atamuitana. Ena ndimachita kukawakoka ndekha, manja ali thovu lokhalokha.

Ndimatero chifukwa cha inu. Munkakana kujambulidwa ngati kamera imaluma. “Andijambuliranji? Ndili pompano, ukandifuna uzingondiyang'ana.” Mwaona tsopano? Muli pompano kuti? Moyo wanu wonse munalola kamodzi kokha, tsiku lomwe munavala yunifolomu ya amayi a mpingo. Chithunzi chimenecho chinali mu felemu yonyezimira ija, pamwamba pa wailesi.

Tsiku logawa katundu wanu inu simunalione, ndiye ndikuuzeni. Anayala zonse pamphasa: zitenje, maduku, mapoto, nsapato zanu za Lamulungu. Akuluakulu ankaitana abale mmodzimmodzi. Kenako Anazulu, akazi a amalume Fabiano, mlamu wanu amene munkamutumizira ufa chaka chilichonse iye osabweza ngakhale thumba, anatambasula dzanja n'kugwira felemu ija. Mlamu pamphasa ya chotere alibe gawo, aliyense amadziwa. Koma analira, Amayi, analira mpaka mamina. “Ichi chokha ndipatseni, ndizikumbukira alamu anga.” Akuluakulu anachita manyazi, n'kumupatsa. Ine ndinangoyang'ana felemu ikulowa m'chikwama.

Nditaphunzira ntchitoyi ndinati ndikabwereke chithunzicho, nditsukitse zina, aliyense wa ife akhale ndi chake. Ndinapita kunyumba kwawo m'tauni. Felemu ndinaipeza pakhoma, yopukutidwa bwino. M'kati munali Chisomo, mwana wawo, atavala mkanjo wa kukoleji. Ndinafunsa mwaulemu, nditagwada, kuti nanga Amayi ali kuti. Anazulu sanasiye n'komwe kusenda mbatata. “Aa, kapepala kaja? Ndinapatsa ana aziseweretsa. Munthu wakufa sapachikidwa pabalaza, amaopsa alendo.” Ana aja nditawafunsa anandilozera kuseri kwa bafa. Akuti munagona pamenepo pamvula mpaka nkhope inamatirira pasimenti, ndipo mtsikana wantchito anakupalani ndi fosholo.

Kapepala. Anatero, Amayi. Ankafuna felemu basi, ndipo misozi yonse ija inali yolirira thabwa ndi galasi.

Ndinafufuza. Amene anakujambulani anamwalira, ndipo m'chipinda chake muja akugulitsamo mafoni. Reji yanu, chitupa chija aboma anakujambulani mokakamiza, inapita ndi mapepala a imfa. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhope yanu yayamba kundithawa. Ndikatsinzina ndimaona manja anu, zidendene zong'ambika zija, kayendedwe kanu mukasenza nkhuni. Koma nkhope imangosungunuka. Kachipsera kaja kanali tsaya lakumanja kapena lakumanzere? Ndinafunsa achimwene, anati lakumanja. Tsiku lina anati lakumanzere. Ine wojambula nkhope za tauni yonse, ya mayi wanga ndilibe.

Ndinadikira. Mukudziwa kuti kudikira kwanga si kuiwala.

Ndiye mwezi wathawu Chisomo anakwatiwa. Anazulu anabwera okha ku situdiyo, akumwetulira mano onse. “Mwana wathu, ukwati wa msuweni wako ujambula ndiwe. Titengerenji mlendo katswiri ali m'banja?” Ndinati, “Zikomo azakhali, mwandilemekeza.” Anasoketsa zovala zosinthasintha, chipewa anaitanitsa ku Lusaka, chachikulu ngati beseni losambitsira mwana.

Pa ntchito yathuyi, Amayi, munthu sumuchotsa ndi sizasi. Umangosuntha phazi pang'ono, kamera n'kupendekera uko, basi watsala kunja ali chimwetulire. Tsiku limenelo ndinajambula aliyense. Ndinajambula ophika, woyendetsa galimoto ya akwati, chidakwa china chimene chinalowerera gule, ngakhale galu amene ankadikira mafupa. Anazulu ankaima pambali pa mwana wawo, chibwano m'mwamba, n'kumandifunsa, “Ndikuoneka bwino?” Ine, “Ngati mkwatibwi ndinu, azakhali. Musagwedezeke.” Sanagwedezeke. Anaima padzuwa mpaka ufa wa kumaso unayenderera.

Alubamu ndinakapereka ndekha, tsiku limene ndinamva kuti asewere awo, amake a mkwati, abwera kudzacheza. Anandipatsa thobwa, ndinakhala pakhonde pomwe ndimaona zonse. Anazulu ananyambita chala n'kuyamba kutsegula. Tsamba loyamba, palibe. Lachiwiri, kam'mphepete ka chipewa. Kutchalitchi, nsapato imodzi. Podula keke, chigongono, chooneka bwino kwambiri, mpaka makwinya ake. Anayamba kutsegula mofulumira, n'kubwereranso kumayambiriro. Asewere aja, mayi wofatsa wosadziwa kanthu, anafunsa mwachifundo, “Kodi asewere, tsikuli munadwala?” Amayi, thobwa limenelo linali lokoma kuposa lonse limene ndinamwapo.

Anandiitanira bwalo. Amalume Fabiano anati ndigwade ndipepese, ndachititsa banja manyazi. Ndinagwada, poti munandiphunzitsa kugwada, koma ndinati, “Malume, mlongo wanu anagona pamvula kuseri kwa bafa lanu, inu mukudutsa pomwepo ndi sopo m'manja. Manyaziwo munawasiya kuti tsiku limenelo?” Anangoyang'ana nsapato zawo. Anazulu anakuwa kuti ndine mfiti, mwana wosaleredwa. Ndinati kuleredwa ndinaleredwa, ndipo wondilerayo ndikanakuonetsani chikhala chithunzi chilipo.

Chimodzi chokha chinandilasa. Chisomo analira, kulira kwenikweni, osati kwa amake. Iye sanandilakwire. Anati, “Enelesi, ukwati subwerezedwa, ana anga adzati agogo awo anali kuti?” Ndinamuuza kuti iye akawafuna amake angokwera njinga n'kukawayang'ana. Nanga Agata wamng'onoyu tidzamuonetsa chiyani? Mpaka lero sitilankhulana. Ndinamutsukira chithunzi chachikulu ali ndi mwamuna wake, n'kuchitumiza. Sanachibweze, komanso sanathokoze.

Ndikudziwa zimene mukunena kumeneko, mutagwira chibwano. “Enelesi, lilime lakoli lidzakusiya wekha m'nyumba.” Mwina latero kale. Abambo a kutchalitchi analalikira za kukhululuka Lamulungu lapitali, ndipo theka la mpingo linkatembenuka kundiyang'ana. Ndinamuuza Mulungu kuti ndamva, koma andidikire.

Masiku ano ndikapita kukajambula ku Madzimoyo ndimapempha eni nyumba anditulutsire zithunzi zakale, za maukwati ndi za ubatizo, mwina munalowamo mwangozi kumbuyo kwa anthu. Akudziwa kale, ndikangofika amatuma ana akatenge masutikesi. Mpaka pano ndapeza msana wa mayi wina wosenza ndowa. Ena akuti ndinu, ena akuti ndi anzanu aja, amake a Lusiya.

Chimanga chikagulitsidwa tikumangirani chiliza. Mwala wake mmisiri anasema kale, n'kusiya malo ozungulira pamwamba pa dzina lanu, poikapo chithunzi. Achimwene akuti titsekepo ndi mtanda. Ndakana. Pakhale choncho, poyera, popanda kanthu. Ndamva kuti Anazulu agula kale chitenje cha tsiku lovundukula chilizacho, ndipo ndikudziwa kuti adzalira kuposa tonse. Mpando wawo ndidzaika ndekha, kutsogolo kwenikweni, moyang'anizana ndi malo amenewo, kuti mapemphero onse adzawamve akuyang'ana pomwe panayenera kukhala nkhope yanu.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale munali ouma mutu pa nkhani ya zithunzi. Ndikulonjezani kuti sindileka kutsegula masutikesi a anthu. Tsiku limene ndidzakupezani, ngakhale theka la tsaya, ndidzapita ndekha kukawajambula Anazulu, chipewa ndi zonse. Ndisanakupezeni, asayembekeze.

Ndine mwana wanu wa pakamwa paja,
Enelesi