Maburashi Atatu a Tinenenji

Oud Metha, Dubai
10 Novembala 2024

Okondedwa alamu a Edinah,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo a kunyumba ndi ana onse. Ine ndilipo, ntchito ya ulonda ikuyenda. Mwandifunsa kawiri za katundu wa mng'ono wanu Tinenenji, komanso za zimene Selina wakhala akuuza anthu. Pa foni mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndalemba.

Ndiyambire Lamulungu lomaliza lija. Tinakumana ku Al Rigga monga mwa nthawi zonse, iye kuchokera kwa mabwana ake ku Mirdif, ine kuchokera ku nyumba za kampani. Tinadya mpunga wa nkhuku kwa amwenye, anandidzudzula kuti kolala ya malaya anga yada, kenako tinaimbira Jacqueline wathu n'kumufunsa za mayeso. Itakwana 3 koloko anaimirira, nati madamu akumufuna msanga. Ndinamuperekeza mpaka pa siteshoni. Lachitatu lake anagwa m'khitchini, ndipo zotsalazo mukuzidziwa, poti maliro tinaika limodzi.

Mwezi watha madamu anandiitana kuti ndikatenge katundu. Selina, amene amalera ana pa nyumba yoyandikana, ndiye anandithandiza kulongedza. Pansi pa bedi tinapeza chitini cha mabisiketi. M'katimo munali tianthu makumi awiri, tosaposa chala, kalikonse kokulungidwa m'kansalu kake, tonyamula mikondo ndi zishango, tokhala ndi maso ndi mano. Selina anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kupemphera. Munalinso maburashi atatu m'kabokosi kosungira mswachi, ndi kapepala kolembedwa kuti: "Iyi ndiyo yoyenera dzanja lako. Lubasi." Pamenepo m'pamene Selina anandiuza, maso ali pansi, kuti Lamulungu lililonse Tinenenji ankafika ku Mirdif 8 koloko, osati 4.

Zoti ndi zithumwa, zimene wakuuzanizo, si zoona. Za maola anayiwo ndi zoona.

Kuseri kwa kapepalako kunali dzina la sitolo. Alamu, sitoloyo ili konkuno ku Oud Metha, mphindi khumi zokha kuyenda pansi kuchokera pa geti limene ndimalondera. Ndinaizungulira masiku atatu ndisanalowe. M'kati muli matebulo aakulu okhala ndi timapiri ndi tinyumba ta pulasitiki, ndipo abambo a ndevu zawo, azungu, Aluya, amwenye, amandanditsa tiasilikali totere n'kumatimenyanitsa nkhondo poponya madayisi. Ndi masewera basi. Tiasilikalito amagula totuwa, aliyense n'kupenta take.

Lubasi ndi wa ku Zambia, amagulitsa m'sitolomo. Ndi wamtali, wamng'ono kwa ine, wopanda mphete pa chala. Sindinadzitchule dzina. Ndinangoika chitini patebulo n'kutsegula. Anayang'ana, nakhala pansi, nati: "Ndimwe ba Enos." Ndiye kuti iye ankandidziwa, pamene ine ndinali ndisanamvepo za iye.

Akuti zinayamba chaka chatha. Bwana wa ku Mirdif ndi mmodzi wa osewerawo, ndipo tsiku lina Tinenenji popukuta fumbi anagwetsa kamsilikali kake, penti n'kusupuka. Poopa kuchotsedwa ntchito, anabwera nako m'sitolomo mobisa. Lubasi anamukhazika pa tebulo la pakona n'kumuonetsa kakonzedwe kake. Sabata yotsatira anabweranso, popanda chimene anaswa.

Ndinamufunsa za maburashiwo. Anatola kakang'ono kwambiri, nati kameneko Tinenenji anagula yekha poyamba, poganiza kuti kanthu kakang'ono kamafuna burashi yaing'ono. Koma kaburashi kotero sikasunga madzi, ndipo ndi mpweya wouma wa m'nyumba za kuno, penti amauma usanafike naye pa diso. Yachiwiri, yonyankhalala ubweya, inali yopukutira penti wouma pa zishango kuti zioneke ngati chitsulo chakale. Yachitatu ndiyo anamupatsa iye: yokulirapo, ya ubweya weniweni wa nyama, yosunga madzi pakati koma nsonga yake ngati singano. Akuti atangoigwira imeneyo anasiya kumata penti wokhuthala amene ankakwirira nkhope za tiasilikali. Anayamba kumusungunula ndi madzi mpaka akhale ngati mkaka, n'kupaka mopyapyala kawiri kapena katatu. Isanathe miyezi isanu anali ataposa onse a m'sitolomo.

Zonsezi ndinkamva, koma maso anga anali pa manja ake. Burashi yachitatuyo sanaibweze m'kabokosi. Ankangoisisita nsonga ndi chala. Anandiuzanso kuti popenta maso Tinenenji ankagunditsa zikhatho zake pamodzi, zigongono zili patebulo, n'kugwira mpweya, ndipo akalakwitsa ankadziseka yekha mpaka misozi. Takhala m'banja zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma kuseka kumeneko ine sindikukudziwa.

Ndinamufunsa mosazungulira kuti panali chiyani pakati pawo.

"Ninali kumutsukira maburashi chabe, ba Enos. Khalas, ndi zokhazo."

"Nanga ankandibisiranji?"

Anandiyang'ana, nati: "Funso limenelo muyankhe ndimwe."

Apa pali chimene sindinauzepo munthu. Chaka chatha, ku Al Rigga komweko, Tinenenji anatulutsa kamsilikali kamodzi m'chikwama n'kundiika m'manja, nkhope ikuwala. Anati wapenta yekha. Ine dzulo lake ndinali nditaima pa geti maola khumi ndi awiri. Ndinamubwezera osakayang'ana n'komwe, ndikunena kuti sitinasiye mwana kumudzi kuti tidzaseweretse zidole kuno. Anakaika m'chikwama, ndipo sanatchulenso. Ine ndinaiwala. Zikuoneka kuti iye anakamuuza Lubasi, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa kapepala kaja.

Mundifunsa ngati ndamukhulupirira mnyamatayo. Sindikunamizani. Masiku ena inde. Masiku ena ndimakumbukira chala chija pa nsonga ya burashi. Ndinafunsa mwini sitolo ndi awiri mwa osewerawo, aliyense payekha, monga timachitira pa geti nkhani ikavuta. Onse akuti ankakhala pakona poonekera, ndipo ikakwana 7 koloko ankalongedza n'kuthamangira basi. Koma anthu amene maso awo ali pa nkhondo ya patebulo saona zambiri. Foni yake ndi yokhoma. Ndinafika kawiri pakhomo pa otsegula mafoni ku Deira, ndipo kawiri konse ndinabwerera.

Tsono za katundu. Zovala, zitenje, nsapato ndi Baibulo ndatumiza pa kago Lachisanu. Mugawe monga mwa mwambo wa kwanu, ine sindilowererapo. Foni ndatsala nayo, yokhomabe.

Munati abusa alangiza kuti tizidoleto nditenthe. Pepani alamu, sindinatenthe. Lubasi anapempha kuti tikhale m'kabati ya galasi ya m'sitolomo. Ndinavomera, koma ndinati pansi pake alembe dzina lonse: Mayi Tinenenji Kachingwe, mkazi wa Enos Kachingwe. Analemba ine ndikuona. Kapepala kake ndinamubwezera, ndipo sanakataye m'bini imene inali pa mapazi ake, anakaika m'thumba la malaya. Anapemphanso burashi yachitatu ija. Ndinakana.

Maburashi onse atatu ali m'katundu wa pa kagoyo, m'thumba la jekete yofiira, pamodzi ndi kamsilikali kamodzi kamene ndinapatula. Ndinasankha kamene penti wake ndi wokhuthala kuposa tonse, poganiza kuti ndi koyambirira. Ngati ndi kaja anandiika m'manja sindingadziwe, poti sindinakayang'ane.

Chonde zimenezi musaziike pogawa. Mumupatse Jacqueline ndi manja anu, mawu a Selina asanamufike. Akafuna kuyesa, mumulole, ndipo wina asamuseke pa khomo panu. Mumuuze ayambe ndi burashi yokulirapoyo, penti asungunule ndi madzi, ndipo akatha azitsuka ubweya ndi sopo n'kuwongola nsonga.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mwana wawo sanagwirepo chithumwa. Moni kwa abambo a kunyumba ndi ana onse. Jacqueline mumuuze kuti amayi ake anali ndi dzanja labwino, ndi kuti bambo ake zimenezi anachita kumva kwa anthu. Zinazo musamuuze, poti inenso sindikuzidziwa.

Ndine mlamu wanu,
Enos