Laketi Yochokera ku Joni

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisungabe. Madzi chaka chino anabwera bwino, ndipo mpunga wa kudambo kuja munkakukonda takolola wokwanira, ngakhale mbalame zinadyako gawo lawo. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri. Ku Kachulu matemba akupezeka, koma ogula a m'tauni achenjera kwambiri masiku ano. Ababa alipo. Bwato anasiya chifukwa cha miyendo, amangokhala pakhonde kusoka maukonde a anthu ena.

Chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya achimwene Yohane ndi laketi.

Mdzukulu wanu Takondwa tsopano ali ku sekondale. Kusukulu kwawoko kunabwera masewero otchedwa badiminitoni. Musandifunse zambiri. Amamanga ukonde pakati, wina uku wina uko, n'kumamenyerana kampira ka nthenga ndi chinthu chonga sefa ya ufa yokhala ndi mpini wautali. Chinthucho ndiye laketi. Mwanayu akuti amatha, moti aphunzitsi amusankha kukapikisana ku Zomba. Malaketi a pasukulu ndi obwerekana, ena okhota, ndiye achimwene atamva ku Joni kuja anati amugulira yakeyake yatsopano.

Mukudziwa kuti achimwene sanabwere pamaliro anu. Anati mapepala sanali bwino, akatuluka sakalowanso. Ine mawu amenewo ndinawameza, koma sanatsike. Chichokereni inu, laketiyi ndiye chinthu choyamba kutitumizira, ndipo analonjeza kuti abwera tikamamanga chiliza chanu mvula isanayambe. Ndinasangalala, komabe ndinati tione.

Laketi inabwera ndi munthu wonyamula katundu wa ku Joni, tinakailandira ku Songani tsiku Loweruka. Inali m'thumba lake lakuda la zipi. Takondwa anatsegula pamsewu pomwepo. Yonyezimira, zingwe zake zili gwa, akaigogoda pachikhatho inkalira ngati waya. Tinafika kunyumba, anaonetsa agogo ake, n'kuikoleka kuchipinda. Lolemba anapita nayo kusukulu, koma pobwera maso ali psuu. Akuti akamenya, kampira sikapita patali, kamangogwera paukonde. Nditayang'ana, zingwe zalefuka mbali imodzi, penti watupa m'mphepete ngati khungu lopsa ndi phala.

Amayi, mukundidziwa mutu wanga ukayamba kuthamanga. Ndinayamba ndi wonyamula katundu uja, kuti mwina anasintha n'kutipatsa ina, chifukwa maso ake sanandisangalatse. Koma tinaiona tonse ili bwinobwino. Kenako maganizo anapita kwa anzake a kusukulu, chifukwa nsanje ya ana imachokera kwa makolo, ndipo pali mayi wina amene mwana wake sanasankhidwe. Takondwa analumbira kuti laketi sinachoke m'manja mwake. Ndiye ndinainyamula mpaka kwa aphunzitsi a masewero. Anaitembenuzatembenuza n'kunena kuti, "Mayi, zachinyengo zachuluka, zimaoneka bwino tsiku loyamba lokha. Kapenanso inakhala pamalo potentha." Za potenthazo sindinazimve n'komwe. Ine ndinangomva zachinyengo.

Inu munkandiuza kuti, "Enelesi, ukapsa mtima uzipita kaye kumjigo, ukabwerako ndiye uzilankhula." Kumjigo sindinapite. Ndinatenga foni n'kujambula mawu: "Achimwene, ngati zinavuta mukanangonena, kusiyana ndi kutola za m'mbali mwa msewu n'kuchititsa mwana manyazi. Kapena iyinso ndi nkhani ya mapepala?" Foni inasonyeza kuti amvera. Sanayankhe. Masiku anapita, zii. Poyamba ndinati ndawagwira, achita manyazi. Kenako mantha anandigwira ine, chifukwa ndinayamba kuona chiliza chanu tikuchimanga popanda mwana wanu wamwamuna.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa kuchipinda, ndinatsegula thumba la laketi lija kuti ndiyang'anenso. Munatuluka fungo la utsi. Sunali utsi wa kukhitchini, sunalinso wowambira nsomba. Linali fungo lowawa lija la mizu, limene munkakangana nalo ndi ababa akagula ukonde watsopano, inu mukuti munthu wa mpingo sachita zimenezo, iwo akuti nsomba sizidziwa mpingo. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba yawo. Ndinapeza phale, makala ozima ndi timizu topserera.

Ndinawapeza pakhonde. Ndinati, "Ababa, Lamulungu lija ife tili kutchalitchi, inu mutatsala kuti miyendo ikuwawa, munkatani?"

Sanabise n'komwe. Anati, "Ndinakafukiza kaukonde ka mwana."

"Si ukonde umenewo, ababa."

"Kali ndi maso ngati ukonde. Ine chiyambire usodzi sindinaponyepo ukonde watsopano wosafukiza. Mwana akaime pakati pa ana a eni ake ku Zomba ali wosatetezedwa?"

Anati anakayandikitsa pang'ono kuti utsi ulowe m'maso monse. Nayiloni pamakala, amayi. Ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete masiku onsewa ife tikulira nayo. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Si iwe unati Yohane wagula yachinyengo? Ine ndimati n'chifukwa chake mankhwala sanagwire." Mukanakhalapo inu, phale lija likanasweka lisanafike pamoto, koma pakhomo pano palibenso wowaletsa.

Ndikuuzeni zoona, mpaka lero kamtima kena kakundinong'onezabe kuti mwina laketiyo inali yofooka kale. Chinthu chenicheni chingafe ndi kutentha kwa kanthawi kochepa? Sindikudziwa, ndipo aphunzitsi nawonso akuti sangalumbire. Koma mlandu ndinali nditaugamula kale ndisanafufuze, ndipo wolakwiridwa anali atatseka pakamwa.

Ndinawaimbira foni achimwene, sanayankhe. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Pomaliza ndinawapatsa ababa foniyo kuti ajambule mawu okha, ndikuganiza kuti apepesa. Anaigwira ngati chikho cha madzi otentha n'kunena kuti, "Yohane, ndine bambo ako. Kaukonde kaja ndinakafukiza ine. Mlongo wako ali ndi pakamwa pa amayi ako, umudziwa. Ubwere." Basi, anandibwezera foni n'kupitiriza kusoka.

Takondwa atamva zonse anakwiya tsiku lonse, osawapatsa moni agogo ake. Madzulo ndinamuona akuwapititsira madzi osamba. Ku Zomba apita ndi laketi ya aphunzitsi, ndipo ndamuuza kuti imeneyo izigona kusukulu konko.

Yankho la achimwene linabwera m'mawa mwake, mawu ali osasa. Ndikulemberani monga mmene ananenera. "Achemwali, auzeni ababa asadandaule. Tsiku londiperekeza ku Joni anandifukizira chikwama, amayi akukalipa pakhomo. Zipi inasungunuka, ndinayenda ulendo wonse nditachimanga ndi chingwe. Chikwamacho ndili nachobe pansi pa bedi. Tsiku limene munkaika amayi m'manda, ine sindinapite kuntchito. Ndinachitsegula n'kulowetsamo mutu, chifukwa fungo la kwathu limene ndinali nalo ndi lomwelo. Ndibwera."

Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, amayi. Nthawi yonseyi ine ndimati mwana wanu sanakulireni.

Pumulani bwino. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri sabata ino. Ndikulonjeza kuti tsiku lomanga chiliza chanu ndidzawapepesa achimwene pamanda panu pomwepo, inu mukumva.

Ndine mwana wanu,
Enelesi